Mawu Anu Afika kwa Tereza

Amayi, kaya kumeneko mwadzuka bwanji? Ife kuno ku Metangula tilipo. Mwera wa chaka chino wativuta, usipa ukusowa, ndipo amalume ku Msumba angokhalira kusoka maukonde n'kumadandaula za mawondo. Chinangwa chanu tinakumba, chinachita bwino moti china tinagawira azimayi a kutchalitchi. Denga la kukhitchini lija likudonthabe, musandikalipire, udzu ndagula kale.

Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Tereza, mwana wa achemwali anga a Lusiya ku Nampula. Watha msinkhu. Ndiye nthawi ya mawu anu aja inakwana.

Mukukumbukira mutayamba kufooka munati ndikuikireni foni pamphasa, mujambule malangizo amene mukanamuuza Tereza pakamwa? Munati ndi za akazi, mwamuna asamve, ngakhale ine pulofesolo wa makompyuta. Munatinso ndikadzatumiza ndidzafufute kwanga. Ndinasunga kakhadi ka m'foni kamene munali mawuwo osatsegula. Koma kunali kovuta, Amayi, pakuti panalibenso kwina kulikonse kumene mawu anu anatsala. Masiku ena ndinkangokagwira m'manja, ndikukusowani.

Kutumiza kwake ndiye kunandizunguza mutu. Foni ya achemwali amaigwira aliyense, alamu ndi anyamata awo omwe. Kupatsira kakhadi woyendetsa shapa, maminibasi athu aja, ndinaopa; anthu aja akaona kakhadi amayesa nyimbo, bwenzi mukulangiza galimoto yonse mpaka ku Lichinga.

Choncho ndinasankha njira imene ndimaphunzitsa ana kusukulu. Munthu amapanga pakompyuta loko ndi kiyi wake. Lokoyo amapatsa aliyense wofuna kumutumizira chinsinsi, koma kiyi amasunga yekha. Wotseka uja akatseka, ngakhale iyeyo sangatsegulenso. Ndinawalongosolera achemwali pafoni, iwo akundinena kuti ndimalankhula ngati wansembe, mpaka anapanga zawo pakompyuta yawo n'kunditumizira loko.

Nditati nditseke mawu anu, makina anakana. Akuti zachuluka. Ndinaseka ndekha, chifukwa chinthu ichi ndimachidziwa bwino, koma tsiku limenelo mtima unathamanga kuposa mutu. Loko wa mtundu uwu amatseka kabokosi kakang'ono. Uthenga amausandutsa nambala, ndipo nambalayo siyenera kuposa nambala ya lokoyo. Mumalowa mawu ochepa, ngati kauthenga ka pafoni. Tsono inu, Amayi, mukayamba kulangiza munthu, kauthenga kamodzi kangakukwaneni?

Kuduladula mawu anu m'tizidutswa n'kumatseka kamodzikamodzi sindinafune. N'kochedwa, ndiponso kotereku chinsinsi sichisungika bwino. Apa ndinakumbukira zimene munkawauza abambo akamadandaula za akuba kugombe: bwato sulowa m'nyumba, nkhafi ndiyo imalowa. Akatswiri a zimenezi amachitanso chimodzimodzi. Ndinatseka mawu onse ndi kiyi wamba, amene sasankha kukula kwa katundu. Kenako kiyi wamba uja, poti ndi wamng'ono, ndinamuika m'kabokosi ka achemwali n'kutseka ndi loko wawo. Zonse ziwiri ndinatumiza.

Mawa lake achemwali anaimba foni. Anati zatseguka, anadzitsekera kuchipinda ndi Tereza, ndipo onse awiri analira, kenako anaseka. Zimene munanena sanandiuze, inenso sindinafunse.

Panatsala lamulo lanu lachiwiri. Ndinakhala pakhonde ndi kakhadi nthawi yaitali, mpongozi wanu Marita akundiyang'ana. Ndinafufuta mawu anu, ndi kiyi wamba uja yemwe. Ndinamva ngati takuikaninso m'manda kachiwiri, ndipo tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Patapita masiku, achemwali ananditumizira kachidutswa kamene anadula koyambirira kwenikweni, malangizo asanayambe. Anati aka n'kanga. Muli inu mukutsokomola, kenako mukuti, "Andireya, mapazi ako ndikuwaona pansi pa chitseko. Pita kunyanja." Amayi, ine ndinangobwerera chipewa changa. Komabe ndimakamvera m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, ndipo sindinasangalalepo chotere ndi kuthamangitsidwa.

Ndakusungirani nkhani yokoma pomaliza. Marita ndi woyembekezera. Akadzabadwa wamkazi, nthawi yake ikadzakwana ndidzamuperekeza ndekha ku Nampula kuti akakumveni kwa azakhali ake. Ndikulonjeza kuti ndidzakhala kutali ndi chitseko.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Andireya