Nyumba ya Mkamwini Yafika pa Mawindo

Achimwene,

Muli bwanji ku migodiko? Kuno ku Nsefu tili bwino, koma amayi miyendo ikuwavutabe.

Nyumba ya njerwa ija ndinayamba chaka cha ufulu yangofika pa mawindo. Dzulo amalume a mkazi wanga anabwera kudzaiona ndi anzawo akumowa. Anagogoda khoma ndi ndodo nati, "Mangani yolimba, akamwini. Tikadzakuthamangitsani pamudzi pano, wokulowani m'malo asadzavutike ndi mvula." Onse anaseka. Mkazi wanga nayenso anaseka, ndipo kuseka kwakeko ndiko kwandipweteka.

Ndinakumbukira atate akutiphunzitsa kuponda dothi tili ana, osayankha wonyoza. M'mawa uno ndaponda lina.

Chonde nditumizireni mahinji a chitseko. Loko musagule, sindikudziwa amene adzasunge kiyi. Mulungu akusungeni, pamodzi ndi alamu ndi ana.

Ine mng'ono wanu,
Yosefe