Mkazi mnzanga ndi mfuti

Agogo,

Ndiyambe ndi kunena kuti banja langa lili bwino. Bambo akunyumba, a Yasini, ndi munthu wofatsa, mpunga wathu kuno kumathiriro a Bua ukubereka, ndipo ana anakula. Kungoti m'nyumba muno ndili ndi mkazi mnzanga, ndiye mfuti.

Ali mnyamata, bambowa ankagwira ntchito ku Mozambique, kuperekeza alendo osaka njati m'mapiri. Abwana awo anawapangitsira mfuti yawoyawo. A Yasini ndi amanzere, ndiye mmisiri anawayeza mkono ngati telala, n'kusema mtengo wake wakumbuyo kuti uzikhazikika paphewa lakumanzere. Atabwerera kumudzi anailembetsa kupolisi, ndipo chiphaso chake sachedwa kukachilipira chikatha. Ulenje anasiya kalekale. Koma Lachisanu akachoka kumzikiti amaitulutsa m'bokosi, n'kukhala pakhonde kuipukuta ndi mafuta uku akung'ung'udza kanyimbo. Ndimawanena kuti, "Koma ine simunandidzozepo choncho!" Iwo amangoti, "Iwe umayankha, iyi siyankha." Sindidana nayo. Akaiika pamiyendo, nkhope yawo imabwerera unyamata, nane mtima umakhala m'malo.

Vuto labwera ndi mvuu. Zikulowa m'munda wa alamu anga a Asiya, mlongo wawo wa bambowa, ndipo mwana wa alamuwo, Kalilu, wafika kale pakhomo pano. "Amalume, ndibwerekeni mfuti ndikathane nazo. Si idzakhala yanga yomwe mukadzatisiya?" Agogo, mukudziwa za kwathu kuno, mwamuna sakaniza mbumba yake. A Yasini sanamumanepo kanthu Kalilu, njinga yomwe anamupatsa. Tsikulo anangoti, "Tiona mpunga ukayamba kucha." Pano mpunga wayamba kucha.

Kalilu sanagwirepo mfuti, komanso ndi wamanja, si wamanzere ngati amalume ake. Ndikuopa kwabasi. Koma ndikatsegula pakamwa, aziti mkazi akutsekereza chuma cha eni ake. Nditani kuti mfuti isatuluke, chibale nacho osasweka?

U.R., Nkhotakota

Mayi U.R.,

Mkazi mnzanu wosadya ndiwo, wosakuyankhani mwachipongwe, ambiri amene amandilembera akadasinthana nanu lero lomwe. Msungeni. Koma mantha anuwo ndi oona, musawameze.

Chiphaso chili m'dzina la munthu mmodzi. Mfutiyo ikapezeka m'manja mwa Kalilu, apolisi sadzafunsa za umalume, adzatenga onse awiri. Mvuu nayo si mbewa yoti aliyense akumbe, ili ndi oiyang'anira ake a boma. Ndipo mfuti yogwetsa njati imamenya mwini wake yemwe ikalira. Munthu wosaphunzira akaitsamiza paphewa limene sanaisemere, adzangoivulaza mvuuyo, ndipo mvuu yovulala sithawa, imabwera.

Musayambire kwa Kalilu, ngakhale kwa amuna anu. Pitani kwa a Asiya mukakambirane ngati amayi okhaokha. Za cholowa musazitchule n'komwe. Ingowafunsani kuti pakati pa mpunga ndi mwana, angapirire kutaya chiti. Mawu oti ayi akachokera kwa mlongo wawo, a Yasini apeza popumira. "Tiona" uja ndi wa munthu wofuna kukana koma wosowa pogwira. Zimene mfutiyo imachita akuzidziwa kuposa inu ndi ine.

Kenako a Yasini asamubweze mnyamatayo chimanjamanja, chifukwa njala akuiopayo si yabodza. Apite naye limodzi kwa oyang'anira nyama zakutchire akanene za mvuuzo. Akayendere mundawo awiriwiri, amuonetse pamene zikutulukira m'madzi ndi poyenera kukumba ngalande. Nzeru za ulenje amupatse zonse, zimenezo sizifuna chiphaso. Za amene adzatenge mfutiyo mtsogolo, akafunse kupolisi iwo eni akadali ndi mphamvu, asasiyire inu nkhondo.

Chenjezo langa ndi ili: musabise kiyi wa bokosilo mwamseri. Mudzapulumutsa mfuti, koma kukhulupirirana kumene mukunyadirako kudzatha. Lankhulani poyera, ndipo mpunga usanakololedwe. Mfutiyo anaisemera phewa limodzi, mayi. Ikalakwa, mlandu nawo udzagwera phewa lomwelo, ndipo Lachisanu m'malo momvera kanyimbo pakhonde, muzidzakwera kabaza ndi kambale ka nsima, ulendo wa kundende kukawaona.

Agogo