Sipanala ya Blackson

Matero, Lusaka
9 Okutobala 1978

Okondedwa achemwali a Sophia,

Landirani moni, inu pamodzi ndi alamu. Kodi mwendo wa amayi waleka kutupa? Kuno matupi ali bwino, koma mitima siili m'malo.

Nkhani ndi ya mng'ono wathu Blackson. Monga mudziwa, iye ndi makaniko pa kampani yogaya ufa pomwe ine ndimasunga mafailo. Atapempha tchuthi choti akachite ukwati wake kumudzi ku Malawiko, zinapezeka kuti ndi sabata yomwe bwana wachizungu anafuna kuti makina onse akonzedwe. Pamsonkhano bwanayo anaseka, nanena m'Chingerezi kuti Blackson waponya sipanala m'makina.

Mvetsetsani bwino apa. Kwa Angerezi mawuwa ndi chining'a chabe. Amanenera munthu amene wasokoneza zimene anzake anapangana, ngakhale atachita mosafuna. Palibe chitsulo chimene chimaponyedwa.

Koma ba Kasoma, tcheyamani wa chipani pantchito pathu, anawatenga mawuwo monga momwe anamvekera. Anakanena kwa akuluakulu awo kuti mwana wa ku Malawi akuwononga chigayo dala, pamene anthu akuswera pamizere ya ufa. Ndinawafotokozera tanthauzo lake mwaulemu. Anandiyankha kuti Chizungu chawo n'chochepa koma makutu awo ndi athunthu, ndiponso kuti mzungu sangatchule sipanala asanaione. Kenaka analamula kuti zida ziwerengedwe. Sipanala imodzi inasowadi, monga zimasowera mwezi uliwonse.

Blackson amuimitsa ntchito. Akuti akapezeka wolakwa akamutula pamalire, ngakhale mchombo wake unagwera konkuno ku Matero. Woti n'kumupulumutsa ndi mwini mawuwo, koma bwanayo anapita kwawo kutchuthi, ndipo abwera mu Disembala. Ine tulo sindikutiona.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani ndi ankhoswe kwa makolo a Chrissie, mkwatibwi wa Blackson, mukapemphe modzichepetsa kuti ukwati udikire. Blackson akachoka panopa adzati wathawa mlandu, ndipo sadzamulolanso kubwerera. Mukanene kuti kuntchito sanamumasule, pakuti zimenezo n'zoona. Koma liwu loti sipanala musakalitchule m'pang'ono pomwe, chifukwa nawonso angafunse kuti anaiponyeranji.

Moni kwa amayi, kwa amalume ndi kwa ana anu onse. Muzitikumbukira m'mapemphero.

Ndatha ine mlongo wanu,
Elton Mussa