Chidulo m'diso la Esinati

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ine kuno sindili bwino, ndisakunamizeni. Munkatiuza kuti mlendo salonjeredwa ndi nkhani ya maliro, ndiye ndiyamba ndi zabwino. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene a Yohane, anachira mwezi wa Epulo, mwana wamwamuna wamphuno ngati yanu. Mpunga wa ku Bwanje chaka chino unachita bwino, kungoti mbalame zinatidyera chigawo chakumunsi. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri. Denga la khitchini linagwa ndi mvula yoyamba, mpaka lero tikuphikira pansi pa mtengo wa mango. Zimene ndingathe kukamba mtima uli m'malo zathera pomwepa.

Nkhani ndi ya Esinati, mdzukulu wanu. Munamusiya akuphunzira kulemba dzina lake, pano ali Sitandade 7 ndipo ndi amene amawerenga mawu ku Mua pa Misa ya ana. Diso lake lakumanzere lachita mtambo, Amayi, ndipo wachititsa ndine.

Zinayamba nthawi yotentha chaka chatha. Zikope zake zinkafiira m'mphepete, m'mawa ankadzuka nsidze zitamatana ndi tinkhanambo. Kachithupsa kakaphulika chikope ichi, pakapita sabata ziwiri kena katuluka chinacho. Anzake kusukulu ankamuseka kuti anasuzumira munthu akusamba. Ine ndinati ndi uve basi, ndipo ndinachita manyazi kuti anthu aziti mwana wa Felesiya sasamba kumaso. Mawu anu aja anandibwerera, akuti, "Litsiro silimva kunyengerera, limamva dzanja." Ndiye ndinatenga sopo wochapira zovala, m'mawa ndi madzulo, n'kumamukwecha zikope. Zinkayera tsiku limodzi, kenako n'kubwerera zoposa kale. Zikabwerera ine ndinkawonjezera sopo. Miyezi yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi nkhope ya mwana wanga ngati ndikutsuka mphika.

Mukukumbuka mmene munkatichizira chipere cha m'mutu? Munkawotcha zitsononkho, phulusa lake n'kuika m'kambale koboola, madzi n'kumadontha. Chidulo china chinkapita m'therere, china munkatipaka m'mutu. Sabata yatha ndinakumbuka zimenezo, ndipo mumtima ndinati nkhanambo ndi nkhanambo, kaya zili m'mutu kaya pachikope. Sindinafunse munthu. Inu simunatipakepo chidulo pafupi ndi maso, zimenezo ndinawonjezera ndekha ndi nzeru zanga zoperewerazi.

Ndinamupaka ndi kansalu masiku atatu. Tsiku lachinayi kansaluko kananyowa kwambiri, iye anaphethira, madzi n'kulowa m'diso. Mwana anakuwa, Amayi, mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Ndipo ine, mayi wake, ndinamugwira mutu n'kumuuza kuti mankhwala owawa ndiwo amachiza. Ndowa ya madzi inali pomwepo pakhonde. Sindinamutsuke.

Tinapita kuchipatala patatha masiku awiri, diso litatupa, akulephera kuyang'ana kuwala. Tinapeza namwino wachikulire, wosathamangira kukalipa. Atamva za sopo ndi chidulo anakhala pansi n'kundifotokozera ngati mwana. Akuti khungu la munthu lili ndi kuwawasa kwake kochepa, konga kwa thobwa logona, kosamveka ndi lilime. Pakhungupo pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tambiri tosavulaza, tozolowera kuwawasako, ndipo timatchinga toipa kuti tisachuluke. M'mphepete mwa chikope namonso muli timabowo totulutsa mafuta oteteza misozi kuti isaume msanga. Sopo wochapira ndi chidulo zimachotsa kuwawasa kuja, khungu limauma n'kung'ambika, toipa timapeza polowera, ndipo timabowo tikatsekeka zithupsa zimangobwerera. Ndiye kuti chimene ine ndinkachikwecha tsiku ndi tsiku ndi chomwe chinkamuteteza.

Mukudziwa chimene chinkafunika? Kansalu koyera koviika m'madzi ofunda, kuthowa chikope, kupukuta pang'onopang'ono, ndipo zikakanika kubwera naye kuchipatala. Kuthowa basi, Amayi! Ntchito imene ndinakuonani mukuchita pa bondo la abambo zaka ndi zaka. Ndinali nayo m'manja, ndinaisiya n'kukatenga phulusa.

Zikope akuti zidzachira. Koma diso lenilenilo linapsa ndi chidulo, ndipo anatilembera kalata yoti tipite kwa madokotala a maso ku Lilongwe. Ndinafunsa ngati adzaonenso bwino. Namwino anangoti tifulumire. Ndinafunsanso kachiwiri, anayankha chimodzimodzi.

Pali china chimene chikundidya kuposa zonsezi. Namwino atatsegula kabuku ka kuchipatala anafunsa kuti anamupaka ndani, kangati, ndipo ngati diso linatsukidwa. Ndisanapeze mawu, Esinati anayankha, nsalu ili kumaso: "Ndinadzipaka ndekha kamodzi, amayi anali kumunda. Ndinasukusula pompo." Namwino anamudzudzula kuti mtsikana wamkulu ngati iye sachita zachibwana zotero, ndipo analemba momwemo. Ine ndinangoima poteropo, chikwama chili m'manja, mwana wazaka khumi ndi zitatu akundisenzera mlandu. Pobwerera tinatsika galimoto pa Golomoti. Pamenepo anandigwira dzanja chifukwa sankaona bwino maenje a mumsewu.

Atate ake ali kunyanja ndi anzawo a usodzi, ndawatumizira uthenga woti mwana akudwala diso, osati zambiri. Achimwene a Yohane ndawauza zomwezo. Woyamba kumva zoona ndinu, chifukwa kwa inu ndinalibe chobisa ngakhale ndikaswa mtsuko.

Ndikuopa, Amayi. Ndikuopa kuti madokotala akawerenga kabukuko adzaganiza kuti chidulo chinalowa pang'ono n'kutsukidwa msanga, n'kumupatsa chithandizo chosakwanira chifukwa cha bodza londiteteza ine. Ndikuopanso kuti ndikanena zoona andiyang'ana ngati chilombo. Koma manyazi anga sangafanane ndi diso la mwana. Ngati kumeneko mawu anu amamveka, gogodani, musatope. Musandipempherere ine. Mupempherereni Esinati, diso limodzi lokhalo.

Mawa tikwera galimoto yoyamba pa Golomoti. Ndikukulonjezani kuti tikakalowa m'chipinda cha dokotala, ndisanakhale n'komwe pampando, ndikanena ndekha Esinati akumva: kuti linali dzanja langa, kuti anali masiku anayi, ndipo kuti madzi anali pafupi koma sindinamutsuke.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo lero ndakusowani kuposa tsiku limene tinakuikani.

Ndine mwana wanu,
Felesiya