Zimene Ganizani anatibisira

Achemwali,

Landirani moni, inu ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, kungoti nyumba yazizira chichokereni amake Tamanda.

Tamanda akadali m'chipatala, koma wayamba kudya phala. Matenda ake ndi omwe aja oumitsa khosi amene anatenga mayi ake. Iyeyu ndinathamanga naye tsiku lomwelo, ndipo mankhwala a m'diripi agwira ntchito. Adokotala akuti achira, koma khutu lakumanzere mwina silidzamvanso.

Lamlungu ndinakamuona ndi msuweni wathu Ganizani, amene ndakhala ndikumusunga m'chipinda chathu ku Mayville kuno ku Joni. Namwino wina atamuona Ganizani anaima n'kumufunsa m'Chizulu kuti, "Si iwe unagona muno n'kutiuza kuti umakhala wekha?" Titatuluka panja, Ganizani anandiululira zonse.

Kumbuyoku anasowa kwa sabata n'kubwera atawonda, akuti malungo anamugwira ali kuganyu, chonsecho anali m'chipatala momwemo ndi matenda omwewa. Achipatala anamufunsa za anthu okhala naye kuti tonse timwe mapilitsi oteteza. Iye anaopa kuti akatchula nyumba, apolisi adziwa kuti mapepala ake anatha. Mkazi wanga atayamba kutentha thupi, Ganizani yemweyo anamupatsa mankhwala a malungo ochokera kumudzi, ine n'kumuthokoza.

Sindinamukalipire. Ndangomuuza kuti apeze kokhala.

Mayi a Ganizani akafunsa, auzeni kuti chipinda chachepa. Zoona zake ndidzawauza ndekha, pakamwa panga pakadzatha kuzinena. Mutipempherere, ndipo Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Bambo a Tamanda