Chala Chokolera Ukonde

Lachiwiri, 3 Juni
Magazi pa ukonde womwe ndikusokera a Rafael, msodzi. Ndimayesa ndi a nsomba. Mkazi wanga Eliness ndiye waona kuti ndi anga. Ulusi wacheka kunsi kwa chala chachikulu cha phazi lamanja, chomwe ndimakolera ukonde posoka. Ululu ayi. Ndamukalipira kuti asandiyang'ane ngati maliro. Mapazi zii kuzizira, koma ndi mwerawu.

Lachisanu, 6 Juni
Chilonda chili chinyowere. Pa boti mpaka ku Chipyela, kuchipatala. Anamwino, a Millicent, agwira pamwamba pa phazi nthawi yaitali kusaka kugunda kwa magazi. Nkhope yawo sindinaikonde. Akuti shuga wanga wawononga mitsempha, magazi akufika ochepa, n'chifukwa chake sichikupola. "A Basil, phazi si chikhomo chokolera ukonde." Ndawayankha kuti atate anasoka ndi chala mpaka imvi. Akuti, "Anali ndi shuga?" Ndawerama n'kuvala nsapato.

Lolemba, 9 Juni
Fungo. Ndinalimva dzulo m'tchalitchi, ndinatuluka nyimbo isanathe. Pakhomo achimwene a Hector ndi ndodo zawo, buluku lopinda pabondo pomwe anadula mwendo. Nawonso zinayamba ndi kachilonda ngati njere ya chimanga.
A Rafael akufuna ukonde asanabwerere kwawo kutsidya ku Cobue. Ndayesa kukola pa chikhomo. Ukulendewera, maso ake okhota, ntchito yonyansa. Ndakola ndi phazi lamanzere. Limenelo anamwino sanaletse.

Lachinayi, 12 Juni
Chala chada kunsonga. A Millicent akuti ndikwere sitima ya Loweruka, madokotala akumtunda akaone. Ndawafunsa mosapita m'mbali: chala kapena mwendo? "Akaona iwowo." Anthu ozungulira nkhani ndimadana nawo. Lero sindinaumirize.
Ndakhala kuseri kwa nyumba, ndaliyang'ana phazili. Landiyendetsa midzi ya pachilumba pano, Mbungo yense, Yofu, pamiyala yotentha. Lero lili ngati la mwini. Ambuye, tengani chala chokha.

Loweruka, 14 Juni
Ukonde watha, maso owongoka bwino. A Rafael ayamikira. Eliness wamanga katundu. Pondiveka nsapato waima atafika pa phazi lamanzere. Kamzere kofiira kunsi kwa chala, ponyowa.
Ndati ndi kukanda chabe. Ndamuuza anditsine pomwepo, ine nditsinzine, aone kuti limeneli ndi lamoyo. Ndatsinzina. Ndadikira. Ndamukalipira kuti ukuchedweranji, sitima sidikira munthu.
Akuti watsina kale.