Tepi Yomaliza ya Malemu Strahil Gerov

Kwa mayi Nevena Gerova, ana ndi adzukulu, komanso onse okonda nyimbo za m'mafilimu,

Ife a Bungwe Losunga Nyimbo za M'mafilimu muno mu mzinda wa Sofia tagwidwa ndi chisoni chosaneneka pa imfa ya bambo Strahil Gerov, katswiri wojambula mawu komanso mmodzi mwa oyambitsa bungwe lathu, amene atisiya Lachiwiri lapitali ali ndi zaka 81. Ngakhale tinawaona akufooka m'chipatala kwa milungu itatu, mitima yathu inakana kukonzekera, moti mpaka lero palibe amene walimba mtima kusuntha mpando wawo wa m'chipinda chapansi, uja wa mwendo womanga ndi waya.

Malemuwa anagwira ntchito ku situdiyo ya mafilimu zaka 38, ndipo mafilimu oposa mazana awiri amamveka monga amamvekeramo chifukwa cha makutu awo. Atapuma pa ntchito sanakhale pansi. Ndiwo anatiphunzitsa kuti tepi yakale imanyata, ndipo ukaiika pa makina usanaiumitse masiku awiri mu uvuni wa moto wochepa, imasupuka n'kutaya mawu ake mpaka kalekale. Ndi manja awo anapulumutsa matepi mazana asanu ndi awiri, ambiri mwa iwo a nyimbo zimene zinapekedwa, kuimbidwa ndi kujambulidwa, koma eni filimu n'kuzikana. Ankakalipira aliyense wolowa ndi khofi m'chipinda cha makina, ine wapampando ndi nduna yomwe, ndipo tonse tinkawamvera.

Koma ntchito yawo yaikulu koposa anaigwira mobisa, ndipo ndi yoyenera kuti anthu aidziwe lero. M'chaka cha 1975 bambo Zahari Pelev anapeka nyimbo khumi ndi ziwiri za filimu ya anthu omanga damu. Gulu la oimba makumi asanu ndi limodzi linajambula khumi ndi imodzi. M'mawa wa tsiku lomaliza akuluakulu a nthawi imeneyo anagamula kuti nyimbozo n'zachisoni kwambiri, ati omanga damu la boma salira. A Zahari anabwezedwa pa geti, mapepala awo a nyimbo analandidwa ndipo sanaonekenso. Mmene uthengawo unkafika m'chipinda chojambulira n'kuti oimba atatopa kudikira, ataimba okha nyimbo yomaliza kamodzi, a Strahil ali pa makina. Mwini nyimbo sanaimve.

Lamulo linali lakuti tepi yokanidwa ifufutidwe, aijambulirepo zina. A Strahil anasaina kuti afufuta, koma sanafufute. Pa situdiyo panali chipinda cha maphokoso, mosungira matepi a kulira kwa thirakitala, mvula padenga, nkhuku, zitseko ndi anthu owomba m'manja pa misonkhano, mabokosi zikwi zisanu ndi chimodzi ofanana onse. Anadula nyimbo iliyonse n'kuilumikiza pakati pa tepi ya phokoso, kuti wofufuza akamva thirakitala kwa mphindi khumi atope n'kuibweza. Sanalembe paliponse. Mabokosi khumi ndi awiriwo anawasunga m'mutu.

Boma lija linagwa, koma mantha awo sanagwe nalo. Anakhala chete zaka zina makumi atatu, ndipo inu mayi Nevena mukudziwa bwino mtengo wake. Nyumba ya makolo anu ku tauni ya Troyan inagwa denga iwo akukana kusamuka mu Sofia, osakuuzani chifukwa. Anatiululira zaka zisanu zapitazo, mabokosi aja ataperekedwa m'manja mwa bungwe lathu, koma ngakhale apo ankatchula bokosi limodzi lokha, n'kudikira kuti tiumitse, titsuke mawu, tisunge malo atatu osiyana, ndiyeno atchule lina.

"A Strahil," ndinkawachonderera, "lembani pa kapepala titsekere m'kabati. Mutu umodzi susenza denga."

"Wangawu wasenza zaka makumi anayi, iwe Ralitsa. Waona wapindika? Pepala lili ndi pakamwa. Maliza kaye uli nayoyo."

"Nanga mukafa?"

"Ndingafe bwanji Nevena asanandilole? Pita ukamufunse ngati wasaina."

Tinkaseka, ndipo ndikuvomera pamaso pa onse kuti kuseka kumeneko kunali kulakwa kwanga. Ndinkaopa kuwakwiyitsa kuti angatseke pakamwa kotheratu, choncho ndinkangoti tiona mawa. Nyimbo ya khumi ndi chimodzi tinaimaliza Lachisanu. Iwo anavala chipewa, natenga chitumbuwa chawo cha banitsa chotsala pa pepala, nati, "Lolemba ndikuuza." Loweruka m'mawa sitiroko inawagwetsa pokwerera tramu, sitima ya m'misewu ya mumzinda.

Mayi Nevena, apa ndiye pamene uthenga uno uyenera kukhala wopepesa kawiri. Amuna anu anagona milungu itatu osalankhula, osagwedeza dzanja, maso okha akuyenda, ndipo ife tinkaona kuti akudziwa zonse, mawu ali pakhosi koma njira yotulukira palibe. M'malo mobwera ndi maluwa ndinabwera ndi kaundula wa mabokosi. Ndinawapempha kuti ndikatchula loyenera aphethire kawiri, ndipo ndinayamba kuwerenga: thirakitala pamtunda, thirakitala m'matope, mvula ya mphepo, agalu a kumudzi. Masiku asanu ndi limodzi ndinakhala pa mpando umene unali wanu. Tinafika pa bokosi la 912 pamene munandigwira mkono.

"Ralitsa, tseka bukulo. Zaka makumi asanu ndakhala pa mitala ndi mabokosi, ine osadziwa. Masiku atsalawa ndi anga. Sukuona kuti munthuyu akulira?"

Munanena zoona. Misozi inkatsika, maso ankaphethira okha, ndipo sindingathe kulumbira kuti bokosi lija sitinalidutse kale. Ndinawazunza pachabe, inunso ndinakulandani masiku amene sadzabwerera. M'dzina langa ndi la bungwe lonse ndikupempha chikhululukiro, ndipo ndikulonjeza kuti palibe wa ife amene adzagogode pakhomo panu kufunsa ngati anasiya kapepala m'thumba la jekete kapena ngati anakunong'onezani kanthu. Takuvutitsani mokwana, inu ndi iwo.

Kwa anthu onse amene akhala akufunsa za chimbale cha nyimbozi, sitibisa chilichonse. Nyimbo khumi ndi imodzi zakonzeka, ndipo n'zokoma kuposa mmene tinkaganizira. Koma a Zahari akana kuti zituluke popanda yomaliza, pakuti zonsezo zimalozera kwa iyo, ndipo ife sitingakakamize munthu amene analandidwa kale kamodzi. Yomalizayo ili m'chipinda chathu chapansi. Timaidutsa tsiku ndi tsiku. Kuti tiipeze tiyenera kuumitsa tepi iliyonse ndi kuimvetsera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo uvuni wathu umalowa matepi asanu ndi atatu pa masiku awiri. Tsoka likatitsata, ntchitoyo ndi ya zaka zisanu ndi chimodzi. Mwa oimba aja atsala awiri, ndipo onse akuti masiku amenewo ankajambula nyimbo khumi pa tsiku, sakumbukira kanthu.

A Zahari ali ndi zaka 87. Amakhala pa nsanjika yachisanu m'nyumba yopanda chikepe, ndipo miyendo yawo inasiya kutsika masitepe zaka ziwiri zapitazo. Chiyambire kudwala kwa mnzawo, pamene tinayamba kuyesa mabokosi mongolota, amandiimbira foni masana aliwonse.

"Lero mwamva chiyani, mwana wanga?"

"Nkhuku, a Zahari. Nkhuku ndi chitseko."

"Nkhuku zakezo zikutsata kayimbidwe? Ngati zikutsata zilembeni ntchito."

Lachiwiri ndinakwera masitepe aja ndekha kukawauza za imfayi. Iwo anatulutsa matambula awiri, nathira kachasu wathu wa rakiya, imodzi naiika patsogolo pa mpando wopanda munthu.

"Chitsiru chimenechi chinkabwera pano Lachinayi lililonse," anatero. "Chinkamwa rakiya yanga, n'kumandinyoza kuti sinditha tchesi. Zaka zisanu ndakhala ndikuchifunsa kuti, Strahil, nyimbo ija inamveka bwanji? Malipenga analowa bwino? Chimangoti, udzamva wekha, Zahari, udzamva wekha. Nanga tsopano ndifunse ndani?"



Mayi Nevena, ana ndi adzukulu, m'malo mwa komiti, ogwira ntchito ndi mamembala onse a bungwe lathu, landirani chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima. Mwataya mwamuna, bambo ndi agogo; ife tataya mphunzitsi amene anasenza yekha katundu woyenera anthu ambiri, pa nthawi imene kusenza kotero kukanamutengera kundende. Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa, ndipo dothi liwapepukire. Pa mwambo wa tsiku la makumi anayi chimwalirire chawo tidzabwera tonse ku manda ndi tirigu wowiritsa wokumbukira nawo akufa, ndipo mukatilola, amuna anayi a bungwe lathu adzawanyamula a Zahari pa mpando n'kuwatsitsa masitepe aja kuti adzatsanzike mnzawo.

Mzimu wa bambo Strahil Gerov uuse mu mtendere, umasuke ku chinsinsi chimene unachilondera zaka zonsezi. Ife tatsala nacho. M'mawa uno tayatsa uvuni, ndipo taikamo matepi asanu ndi atatu, kuyambira bokosi loyamba.

Ine wanu m'chisoni,

Ralitsa Doneva
Wapampando, Bungwe Losunga Nyimbo za M'mafilimu, Sofia